Chitsulo cha ku Saweruka

Kalekale, misewu ya dziko lino ikadali njira za njovu ndi za alenje, patsinde pa phiri la Nyundo panafika mmisiri wosula makasu dzina lake Kalimbakatha, wa mfunda wa Milanzi, atasenza mvukuto wake kumsana. Akuluakulu amati iyeyu ankasaka dothi la chitsulo, ndipo tsiku lina atasonkha moto m'mbali mwa khwawa anaona mafuwa amene anatola, miyala yakuda bii, akuyaka pamodzi ndi nkhuni mpaka kusanduka phulusa. Wina akanavina ndi chimwemwe, koma Kalimbakatha anachita nthumanzi, nanena kuti mwala woyaka sungakhale wopanda mwini. Choncho anasiyira ana ake malamulo awiri: kuti azitola miyala yokhayo imene madzi akokolola, osaboola phiri, ndiponso kuti mkazi asayandikire pamene amuna akugwira ntchito ya moto ndi miyala. Kalimbakatha anabereka Chisiyano, Chisiyano anabereka Mdzeka, ndipo Mdzeka anabereka ana aamuna amene anamwazikana, ndi mwana wamkazi mmodzi amene anatsala pamalopo. Dzina la paubwana la mwana wamkaziyo linaiwalika, moti tonse timangomudziwa ndi mfunda wake, Namilanzi.

Munali m'masiku a Mdzeka pamene kunabwera kampani ya Azungu, nitcha miyala ija malasha, niboola phiri popanda kufunsa munthu. Mbiri ya ntchito inawanda, ndipo amuna anakhamukirako kuchokera kulikonse: Alomwe, Ayao, Asena a kuchigwa, Angoni a kumapiri, ngakhale Atonga a kumpoto. Panamangidwa komboni ya tinyumba ta m'mizere, kenaka msika, tchalitchi, mzikiti ndi sukulu, kotero kuti pamene panali thengo panakhala katawuni. Koma unali mudzi wachilendo ndithu, wopanda mfumu ya magazi, wopanda manda a makolo, munthu aliyense ali ndi chinenero chake ndi njira yake yolirira maliro. Chimene chinkawamanga pamodzi chinali chimodzi chokha, chidutswa cha njanji chimene chinapachikidwa pa mtengo wa mbawa pafupi ndi khomo la mgodi. Anthu ankangochitcha kuti Chitsulo.

Woliza Chitsulocho anali Zuze, Msena wamtali amene sanakwatirepo. M'mawa ankachimenya mofulumira, mosapumira, ndipo kumeneko kunali kulira kolowetsa anthu mumgodi. Dzuwa likapendeka ankachimenya modekha, kumenya n'kudikira mawu athe, kumenyanso n'kudikira, ndipo kumeneko kunali kulira kowerutsa. Lamulo la kampani linali lokhwima: wotuluka Chitsulo chisanalire ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Motero amuna a pa Nyundo anazolowera kusamvera njala kapena kutopa, koma khutu lokha. Nawonso akazi akamva kulira kowerutsa, aliyense ankaphula madzi pamoto, kuwathira m'beseni, n'kuliika pakhomo, pakuti mwamuna wochokera m'malasha salowa m'nyumba asanasambe. Amunawo ankatsika phirilo onse ali mtundu umodzi, Mlomwe ndi Mngoni osasiyanitsika, mano okha mbee, ndipo mkazi ankazindikira wake poona mayendedwe.

Namilanzi anakwatiwa ndi Lufeyo Chimpango, Mngoni wofatsa wa phewa lopweteka, amene chifukwa cha phewalo ankagunda piki mwanjira yakeyake: kawiri motsatizana, kenaka kupuma. Ankatero powaza nkhuni, ankateronso pogogoda pachitseko. Anali munthu womvera lamulo mpaka anzake kumuseka, amvekere Lufeyo mutamuuza kuti dikira pano, mudzamupeza atamera mizu. Mkazi wake yemwe ankamuseka, chifukwa Namilanzi anali wa lilime lakuthwa ngati bambo ake. Tsiku lina akumutsukira fumbi kumsana anati, "Inu bambo, ngakhale mutafa, mudzayamba mwadikira kuti Zuze akuuzeni." Lufeyo anangoseka. Mawu amenewa anadzamubwerera Namilanzi patapita zaka, ndipo atamubwerera sanasekenso.

Tsoka linagwa masana a chilimwe, dzuwa lili paliwombo. Nthaka inagwedezeka, mitsuko inagubuduka m'nyumba, ndipo pakhomo la mgodi panatuluka fumbi lakuda limene linaphimba phiri. Gulu lonse limene linalowa m'mawa linatsekeredwa pansi, Lufeyo ali momwemo. Anthu anathamangirako, ndipo Zuze anataya nyundo yake nayamba kufukula miyala ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Madzulo a tsikulo panalibe amene anaganiza za Chitsulo, ndipo ndani akanaganiza? Anakumba masiku ambiri osapeza munthu, mpaka madzi anadzaza njira zapansi. Pamenepo kampani inatseka khomolo ndi miyala ndi simenti, inapakira katundu wake, nipita osabweranso. Akuluakulu a m'komboni anakumana pabwalo la pamsika motsogozedwa ndi Che Likaka, telala wachiyao amene anthu onse ankamukhulupirira, nagamula kuti Chitsulo chimene chinaitanira ana awo ku imfa chisadzalirenso. Che Likaka anasoka yekha nsalu yakuda, nachikulunga, nachimanga ndi luzi. Anachita zimenezi mwaulemu ndi misozi, ndipo palibe wa ife amene akanachita mwina. Koma ulemu nawo umalakwa.

Pa mwambo wathu, mwamuna akamwalira, achibale ake amabwera pambuyo pa kumeta kudzasudzula mkazi, ndiko kumumasula kuti avule za maliro nayambe moyo wina. Abale a Lufeyo anatumiza mawu kuti sangasudzule mkazi wa munthu amene mtembo wake sanauone ndiponso manda ake sanawaponde. Choncho Namilanzi anakhala ndi mpango wakuda kumutu chaka ndi chaka, osakhala mkazi wapabanja, osakhalanso womasuka, ndipo akazi otere anali ambiri. Mabanja ena anabwerera kwawo, nyumba zawo zinagwa n'kusanduka mabwinja pakati pa mizere. Amene anatsala anayamba kulima, kuumba njerwa ndi kugulitsa pamsika. Popeza panalibenso kampani yowalamula, bwalo la Che Likaka ndilo linkayendetsa zonse: kusesa msika, kukonza zitsime, kulipirira mphunzitsi chimanga, ndi kuweruza milandu ya mbuzi. Katawuniko kanayamba kupuma pang'onopang'ono ngati munthu wochira.

Ndiye tsiku lina masana, Namilanzi atagwada akuzira m'nyumba, anamva kanthu kupyolera m'mawondo. Anaima, nagunditsa khutu pansi ponyowapo. Kutali, kunsi kwenikweni, kunkamveka kugunda: gu, gu, kenaka zii. Gu, gu, kenaka zii. Dothi lozirira linagwa m'manja, ndipo anafuna kuthawira panja akukuwa. Koma sanathawe. Tinene zoona monga anadzanenera yekha atakalamba: pamodzi ndi manthawo anamva chimwemwe, chifukwa kumeneko kunali kugunda kwa mwamuna wake. Sanauze munthu. Anangosuntha mphasa yake kuiika pangodya imene pankamveka bwino. Pambuyo pake zinadziwika kuti akazi ena amasiye ankamvanso, aliyense m'nyumba mwake, aliyense atatseka pakamwa, kuopa kutchedwa wamisala ndiponso kuopa kulandidwa kamene kanamutsalira.

Koma chobisika pansi sichinakhalitse pansi. Kugunda kunakula mwezi ndi mwezi, kunachoka kunsi kwa phiri n'kulowa kunsi kwa komboni. Ming'alu inayamba kuyenda m'misewu, ikutulutsa mpweya wofunda wa fungo la malasha. Chitsime cha pamsika chinaphwa m'mawa umodzi akazi akuona, madzi akutsika ngati wina akuwamwa. Khoma la mzikiti linang'ambika, pansi pa tchalitchi panapendekeka, mbuzi ya munthu inamira pamene inamangidwa, chingwe chokha kutsala pamtunda. Choopsa koposa chinali cha kusukulu, kumene chipinda chimodzi chinatitimira mpaka m'mawindo ana atangotuluka kukasewera. Kuyambira tsikulo makolo ankayenda atagwira ana padzanja, ndipo anthu ankaponda pansi monyang'ama ngati akuopa kudzutsa wodwala. Agalu anasiya kugona pansi, n'kumakwera pamilu ya njerwa.

Paja amati maliro n'kulirana, koma pa Nyundo aliyense analira mwa kwawo. Achewa anathira nsembe ya ufa m'ming'alu. Ayao anaphika sadaka. Angoni anapha ng'ombe yakuda nathira mowa. Akhristu anazungulira phiri akuimba nyimbo. Zonsezi zinachitika ndi mtima woona, koma apansiwo sanaleke ngakhale pang'ono, ndipo kugunda kunafika poti munthu ankakumva ali chiimire. Kunabwera munthu wa boma, nayeza ming'alu, nanena mosapsatira kuti pansi pa tawuniyo n'pamphako, ndipo mvula yoyamba ikadzalowa m'ming'alumo zonse zidzamira. Analangiza kuti anthu asamuke mvula isanagwe. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kum'mawa, choncho Che Likaka anaitanitsa msonkhano wa anthu onse kuti agwirizane tsiku lopasula mudzi.

M'mawa wa tsiku la msonkhanolo Namilanzi anapita kumsika, ndipo anapeza mayi wina wachilendo wogulitsa usipa atakhala pansi, akumvetsera kugundako mosadziwa mbiri yake. Mayiyo anayesa kuti mgodi ukugwirabe ntchito, ndipo anaseka nati, "Koma anthu anu apansiwa ndi akhama! Chifikireni dzulo sanapume. Kodi amenewa saweruka?" Namilanzi anaima ngati wamenyedwa mbama. Anakumbukira madzulo a tsiku la tsoka lija, anakumbukira nsalu yakuda ya Che Likaka, anakumbukiranso nthabwala yake yomwe, yakuti Lufeyo ngakhale atafa adzadikira Zuze. Usipa anausiya pomwepo.

Pamsonkhano, amuna atalankhula za ngolo ndi za njira, Namilanzi anaimirira kumbali ya amayi.

"Pepani akuluakulu, ndifunseko," anatero. "Anthu ajawa analowa m'mawa Chitsulo chitalira. Kodi anawawerutsa ndani?"

Pansi pa mapazi awo kugunda kunkapitirira.

"Tawathirira ufa, tawaphera ng'ombe, tawaimbira nyimbo," anapitiriza motero. "Koma pansipo palibe Mchewa, palibe Myao. Pali anthu a ntchito, ndipo mawu amene onse amamva ndi amodzi, a Chitsulo. Ife tinachitseka pakamwa ndi nsalu. Sakutikwiyira ayi. Akudikira."

Che Likaka anavula chisoti. Kenaka anafunsa kuti, "Mayi, ndamva. Koma munthu akaweruka amapita kuti?"

Yankho aliyense ankalidziwa. Munthu akaweruka amapita kunyumba kwake. Amayi ena anayamba kulira, amuna ena anati kuli bwino kuthawa kusiyana ndi kuitanira mizimu pakhomo. Onse anatembenukira kwa Zuze, amene tsopano anali nkhalamba, koma iye anakana akubwerera chambuyo. "Iai, ine ayi! Ndinawalowetsa ndine," anatero. "Akatuluka, woyamba kumufunsa ndi ine. Ndipheni pompano, koma kumeneko sindipita." Che Likaka anafunsa ngati panali mwamuna wina, ndipo amuna onse a pa Nyundo, amene pa mowa ankasimba zopha akambuku ndi manja, anapeza chinthu choyang'ana pa zala za kumapazi.

Namilanzi anaganiza za lamulo la kholo lake Kalimbakatha, lakuti mkazi asayandikire ntchito ya miyala. Anaganizanso za ngodya ija ya m'nyumba mwake, ndipo anadziwa kuti akachiliza Chitsulocho sadzamumvanso Lufeyo. Koma akapanda kutero, mudzi udzapasuka, onse adzachoka, ndipo mwamuna wake adzatsala akukumba mumdima mpaka kalekale ndi phewa lake lopweteka lija, popanda ngakhale womumvera. Chimenechi ndicho sanathe kuchipirira.

"Ndipita ine," anatero. "Kulira kowerutsa palibe amene amakudziwa kuposa mkazi wa m'komboni. Inu chitani chimodzi chokha. Dzuwa likapendeka aliyense atereke madzi, aike beseni pakhomo, atsekule chitseko. Asapezeke wotseka."

Dzuwa litapendeka, Namilanzi anaika beseni lake pakhomo, natenga nyundo yakale ya bambo ake, nauyamba wa kuphiri ali yekha. Msewu unali utang'ambika moti pena ankachita kudumpha, ndipo kuchokera m'ming'alu mpweya wofunda unkamuwomba m'miyendo. Mbalame kunalibe. Pamene ankayandikira, kugunda kunkamveka m'mano ndi m'chifuwa, mapiki ambirimbiri osapumira, koma pakati pa onsewo khutu lake linkatolabe kumodzi kuja, gu, gu, kenaka zii. Kawiri konse anaima kufuna kubwerera. Pa mtengo wa mbawa anapeza nsalu ija itafumbwa, luzi litalowerera m'dzimbiri. Anaing'amba ndi manja, Chitsulo n'kukhala poyera. Anati, "Agogo a Kalimbakatha, ndikhululukireni, sindinabwere kudzagwira ntchito. Ndabwera kudzaithetsa." Atatero anakweza nyundo namenya.

Mawu a Chitsulo anatsetsereka phiri nakafika mpaka kumsika. Namilanzi anadikira kuti athe, monga ankachitira Zuze, namenyanso, nadikira, namenyanso. Pamenepo mapiki anayamba kuleka, imodzi uku, ina uko, monga zimakhalira anthu akamva belu. Yotsiriza kuleka inali ya Lufeyo. Kunagwa bata limene anthu a pa Nyundo anali ataliiwala, ndipo akuti batalo linali loopsa kuposa phokoso. Kenaka simenti ya pakhomo la mgodi inang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mopanda mkokomo, ndipo panatuluka mpweya wozizira. Namilanzi sanaone munthu. Anaona fumbi la pamsewu likudindika mapazi akuda, limodzi pambuyo pa linzake, ndipo anamva kutsokomola kwa amuna otopa ndi kugwedera kwa nyali zozima.

Anatembenuka nayamba kutsika, iwo ali pambuyo pake. Ankamva mapazi awo pafupi kwambiri moti akanaima akanamuponda chidendene, ndipo khosi lake linkazizira ndi mpweya wawo. Sanathamange, chifukwa mkazi sathawa mwamuna wake pochokera kuntchito, komanso sanacheuke. Atalowa m'komboni anapeza anthu ataima m'makomo, ana atabisa nkhope m'zitenje za amawo, mabeseni ali ndandanda akutuluka nthunzi. Mapazi aja anayamba kupatuka, awa kulowera mzere uwu, awa mzere uwo, aliyense kulunjika pakhomo pake osasochera. Ndipo paliponse pamene anafika, madzi a m'beseni anagwedezeka okha, nada bii.

Namilanzi atafika panyumba pake anagwada pambali pa beseni monga ankachitira kale. Mapazi awiri anabwera, lakumanzere likuponda mopendekeka pang'ono monga ankapondera Lufeyo, naima patsogolo pake. Madzi anavunduka, nada, nadekha. Kenaka pachitseko, chimene chinali chotsekula kale, panamveka kugogoda: gu, gu. Namilanzi ananong'ona kuti, "Lowani bambo, mwaswera bwanji?" Mphepo yozizira inamudutsa, ndipo mfundo ya mpango wakuda, imene anaimanga yekha zolimba m'mawa uja, inamasuka popanda woigwira, mpangowo n'kugwera pansi. Abale analephera kumusudzula, koma mwini wake anamusudzula. Pamenepo analira kulira kumene sanalire pa tsiku la tsoka.

Akupukuta misozi anaona chinthu china. Pakati pa mizere, pa mabwinja a mabanja amene anabwerera kwawo, mapazi ambiri ankazungulirazungulira, akufika pamene panali khomo, akubwerera, akufikanso. Amenewa anali amuna amene akazi awo anachoka, ndi anyamata amene anafa asanakwatire. Palibe anawaterekera madzi, chifukwa pamsonkhano paja aliyense ankaganiza za wake. Namilanzi akuyang'ana, mapazi ena anatembenuka nayamba kubwerera kuphiri, ena n'kutsatira. Anadziwa kuti akakalowanso mumgodi, palibe Chitsulo chimene chidzawatulutsenso, pakuti munthu amene waweruka n'kupeza kuti alibe kwawo, ntchito ndiyo imasanduka kwawo.

Anakhuthula madzi akuda aja, nathira ena otsala mumphika, nanyamula beseni kuthamanga nalo mpaka kukaliika pakati pa msewu wa kuphiri, patsogolo pa mapaziwo. "Achimwene, musabwerere!" anafuula motero. "Madzi ndi awa. Kwanu ndi kuno!" Mapazi oyamba anaima chala chimodzi kuchokera pa mawondo ake, ndipo kuzizira kwawo kunamulowa m'mafupa. Anakhala choncho, iye atagwada, iwo ataima. Kenaka madzi anagwedezeka, nada. Anthu ataona zimenezi anatuluka m'makomo mwawo. Che Likaka anabwera ndi ndowa ya kumzikiti, amayi a mvano anabwera ndi miphika, Alomwe kusambitsa Atonga, Asena kusambitsa Angoni, popanda wofunsa kuti uyu ndi wa ndani, pakuti mapazi a malasha alibe mtundu. Womaliza anali Zuze, theka la madzi ake litatayikira m'njira. Anaika kabeseni kake pansi nati, "Ndinachedwa, anzanga. Pepani." Mapazi angapo anamuzungulira, madzi ake anada ngati a ena onse, ndipo palibe chinamuchitikira.

Dzuwa lisanalowe mapazi onse anali atazimirira, ndipo anthu anatenga madzi akudawo n'kukawathira pamalo amodzi kuseri kwa msika. Pamalopo ndi pamene panakhala manda oyamba a tawuniyo, amene mpaka lero amaikamo munthu wa mtundu uliwonse ndi wa chipembedzo chilichonse. Mvula inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, koma nthaka sinamire. Ming'alu inadzaza matope, inamera udzu, ndipo chitsime cha pamsika chinabwerera madzi. Palibe banja limene linasamuka. Anthu ankamuyamika Namilanzi, koma iye sankakonda kuyamikidwa. Ankati masiku oyamba ankagunditsabe khutu pangodya ija, osamva kanthu, ndipo ankadziuza kuti wamuchotsa yekha ndi dzanja lake. Anadzakwatiwanso patsogolo pake, nabereka ana amene zidzukulu zawo zilipo, koma mphasa yake sanaichotse pangodyapo.

Dzina la katawuniko, Saweruka, linachokera pa funso la mayi wa usipa uja, amene anapita osadziwa chimene anachita. Lero mgodi kulibe, achinyamata ambiri amapita kumizinda, ndipo alendo odutsa pa basi amaona katawuni ka fumbi kopanda chochititsa chidwi. Ena afikapo pofunsa ngati Chitsulo chingagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo anayankhidwa mawu amene sitingawalembe pano. Chikadali pa mbawa yomweyo. Palibe amene amaloledwa kuchimenya mofulumira, ngakhale mwana posewera. Amachiliza modekha pokha, potseka msonkhano wa bwalo ndi potseka ntchito ya chitukuko, ndipo munthu wa ku Saweruka sachoka pa ntchito ya onse asanawerutsidwe, komanso sachoka asanaonetsetse kuti anzake onse atuluka. Chaka chilichonse mvula ikayandikira, nyumba iliyonse imaika pakhomo mabeseni awiri, lina la wake, lina la amene alibe womuterekera. Munthu akamwalira, kumeneko sanena kuti watisiya. Amati waweruka.

Namilanzi anaweruka ali nkhalamba yothetheka, masana ena a chilimwe dzuwa litapendeka. Amayi amene ankamudwazika atatuluka kuti akauze anthu, anapeza pakhomo beseni la madzi ofunda, likutuluka nthunzi, chikhalirecho m'nyumbamo simunasonkhedwe moto tsiku lonse. Anafunsa m'mizere yonse, ndipo panalibe amene analiika. Pamwala wa pakhomopo panali mapazi awiri akuda, lakumanzere lopendekeka pang'ono. Zidzukulu zake zayesa kuukwecha mwalawo ndi mchenga ndi sopo, koma mapaziwo alipobe, ndipo aliyense wofika ku Saweruka angathe kupempha kuti amuonetse.